Bambo ali pa bwato la matanga ku Zanzibar: mukawapeza bwanji kuchokera ku Mzuzu?

Talandira kalata yochokera kwa mayi wina wa ku Katoto kuno ku Mzuzu. Bambo awo anapuma pa ntchito, ndipo chaka chino ali pa bwato la matanga la mnzawo, akuzungulira zilumba za Zanzibar, Pemba ndi Mafia kuyambira Juni mpaka Okutobala. Awaitana kuti akacheze nawo. Mayiwa ali ndi tchuthi cha masabata awiri, sanakwerepo bwato pa nyanja ya mchere, ndipo akafunsa tsiku ndi malo okakumanirana, bambo amangoti "tiona mphepo." Akufuna kudziwa njira, zoti atenge, komanso ngati bambowo sakungowazemba.

Mayi, bambo anu sakukuzembani. Anthu oyenda pa mabwato otere amati mlendo asankhe chimodzi, tsiku kapena malo, osati zonse ziwiri. Bwato la matanga limayenda makilomita pafupifupi 10 pa ola mphepo ikakhala yabwino. Kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Stone Town, ulendo umene sitima yothamanga imayenda maola awiri, iwo amathera masana onse. Mukawauza kuti Lachisanu pa 14 akupezeni pa doko lakutilakuti, mwawamanga manja: mphepo ikalusa Lachinayi, adzanyamukabe poopa kuti mwana wawo akudikira, ndipo ngozi zambiri za mabwato ang'onoang'ono zimayamba choncho. Popeza inu muli pa ntchito, sankhani tsiku, malo muwasiyire iwo. Agwirizane nanu kuti kutatsala masiku anayi adzakuuzani kumene ali, inuyo ndinu amene mudzapite kumene kuli bwatolo.

Nkhani ya mphepoyi tiifotokoze bwino, chifukwa ndi imene ikulamulira ulendo wanu wonse. Kugombe la Tanzania chaka chimagawidwa ndi mphepo ziwiri. Kaskazi imachokera kumpoto chakum'mawa, kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi. Kusi imachokera kummwera chakum'mawa, kuyambira cha mu Epulo mpaka Okutobala, ndipo imalimba kwambiri mu Juni ndi Julayi. Ngati munaonapo mwera ukugwedeza Ilala pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma, kusi ndi mnzake wa mwera, imawomba miyezi yomweyo, kungoti mafunde ake amakhala atayenda ulendo wautali m'nyanja yaikulu ndipo amabwera aatali, okweza bwato lonse n'kulitsitsa. Ngati abwana anu angalole, pemphani tchuthi cha Seputembala, pamene kusi yayamba kufooka ndipo mvula ya kumapeto kwa chaka isanafike. Ikakhala Julayi basi, pemphani bambo kuti masiku anuwo mukathere kumadzulo kwa Unguja, chisumbu chachikulu cha Zanzibar, pakati pa Stone Town, Tumbatu ndi Kendwa, kapena kumadzulo kwa Pemba. Mbali imeneyo chisumbu chimatchinga mphepo. Ndipo muziyenda molowera kumpoto, mphepo ili kumbuyo. Kupita ku Mafia nyengo ya kusi ndi kulimbana ndi mphepo maso ndi maso, ulendo wosayenera munthu woyamba kumene.

Za njira, anthu a pa msika wa Taifa amene amakapikula katundu ku Dar es Salaam amaidziwa bwino. Mutsata M1 kudzera ku Ekwendeni, kutsika Chiweta, kufika ku Karonga, makilomita oposa pang'ono 200, kenako ku chipata cha Songwe. Mbali ya Tanzania chipatacho amachitcha Kasumulu. Kuchokera apo mukwera kudzera ku Tukuyu mpaka Mbeya. Basi ya Mbeya kupita ku Dar es Salaam imadya tsiku lonse, pakuti ndi makilomita oposa 800. Amene thumba likuwalola angakwere ndege pa bwalo la Songwe pafupi ndi Mbeya. Mukawerengera bwino, masiku awiri kapena atatu ndi a kupita, ena otero ndi a kubwerera. Siyaninso masiku awiri opanda pulogalamu kumapeto, poti tsiku lotsika m'bwato lingasunthe. Pa masabata awiri aja mutsala ndi sabata imodzi ya pamadzi, ndipo kwa munthu woyamba imeneyo ndi yokwanira.

Mukawoloka Songwe musunthe wotchi yanu ola limodzi kutsogolo. Pogula tikiti ya basi funsani kuti akulembereni nthawi m'manambala a maola 24, chifukwa m'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka, ndipo akati ola la 12 m'mawa akutanthauza 6 koloko. Ambiri basi imawasiya pa chifukwa chimenechi.

Mmalawi safuna viza polowa m'Tanzania ngati mlendo, koma pasipoti ikhale ndi miyezi yosachepera 6 isanathe. Musaiike pansi pa chikwama mukadutsa pachipata: pa doko la Zanzibar a zolowa ndi kutuluka amaionanso ngakhale mukuchokera ku Dar es Salaam. Kuyambira Okutobala 2024 boma la Zanzibar limafuna alendo ochokera kunja agule inshuwalansi yake pa intaneti, imene pa nthawiyo inali ya madola 44 kwa munthu wamkulu. Onani tsamba lawo musananyamuke kuti mukafike nazo zokonzeka. Khadi ya katemera wa yellow fever imafunika ngati mwadzera dziko limene kuli matendawa, monga Kenya kapena Ethiopia, n'kukhalako maola oposa 12. Ngati muli nayo kale, ingotengani.

Pali pepala lina limene anthu ambiri salidziwa. Mwini bwato kapena kaputeni akulembereni kalata yonena dzina la bwato, nambala yake, dziko limene linalembetsedwa, dzina lanu ndi nambala ya pasipoti yanu, ndi kuti mukakhala mlendo wosalipidwa. Muisindikize, musangoisunga m'foni. Mukafika, akakulembeni pa mndandanda wa anthu a m'bwatolo, ndipo potsika akakuchotsenipo. Bwato likaganiza zowolokera ku Kenya inu muli momwemo, mndandandawo ndi umene a boma amadinda. Za kumpoto kwa Mozambique musavomere n'komwe: ku Cabo Delgado kwakhala nkhondo kuyambira 2017.

Ndalama mutenge ma shilingi a Tanzania, kuphatikizapo ang'onoang'ono ogulira nsomba ndi zipatso m'midzi kumene kulibe makina a banki. Ngati mwapeza madola, akhale atsopano ndi osang'ambika, akale amawakana. Gulani simu khadi ya komweko ku Mbeya pogwiritsa ntchito pasipoti. Funsaninso bambo poyera za thumba la m'bwato. Nthawi zambiri aliyense amasonkhapo ya chakudya, dizilo ndi zolipira polowa m'malo otetezedwa. Bambo anganene kuti musadandaule, koma bwatolo ndi la mnzawo, ndipo kusonkha kwanu kumawapatsa ulemu pamaso pa mwiniwakeyo.

Sutukesi isiyeni ku Katoto. M'bwato mulibe poiika, imakanda matabwa, ndipo mafunde akalimba imasanduka chida. Tengani chikwama chofewa chopindika, chosapitirira makilogalamu 12. Zovala zikhale zopepuka, zouma msanga, ndi malaya amanja aatali awiri otchinga dzuwa, chipewa cha chingwe, magalasi a dzuwa a chingwe, ndi jekete yopyapyala ya usiku. Zitenje zitatu zidzakugwirirani ntchito zambiri. Anthu ambiri a Zanzibar ndi Pemba ndi Asilamu, choncho polowa m'mudzi phimbani mapewa ndi mawondo. Pasipoti ndi foni zikhale m'kathumba kosalowa madzi. Majumbo a pulasitiki analetsedwa m'Tanzania mu 2019, musatengere katundu mmenemo. Magetsi a m'bwato ndi a batire ya mphamvu ya ma volt 12, odzazidwa ndi sola kapena injini, kotero ayironi ndi choumitsira tsitsi zitsale. Mangani tsitsi musananyamuke.

Kamba wa bambo: khofi wa Mzuzu, tsabola wa Nali, mpunga wa Kilombero wokwana makilogalamu awiri. Ufa musavutike nawo, uliko m'sitolo iliyonse. Chilichonse muchiike m'zigubu zotseka bwino, ndipo makatoni asakwere m'bwato, poti mphemvu zimaikira mazira m'mipata yake ndipo zikalowa sizituluka. Chofunika kuposa zonsezi, afunseni ngati mankhwala awo a BP kapena a shuga akukwanira, muwatengere mtundu umene anazolowera pamodzi ndi kalata ya dokotala.

Nseru ya panyanja si ulesi kapena mantha. Imabwera chifukwa khutu lamkati likumva kugwedezeka pamene maso, akamayang'ana mkati mwa bwato, akuona ngati zonse zili phee. N'chifukwa chake mankhwala oyamba ndi kukhala panja, pakati pa bwato, maso ali kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo. Musawerenge, musayang'ane foni, musatsike kukaphika bwato likuyenda. Mukapatsidwa chiwongolero gwirani, chifukwa woyendetsa amaona funde lisanafike ndipo thupi limakonzeka. Ku famase funsani cinnarizine, amene ambiri amawadziwa kuti Stugeron: mamiligalamu 30 kutatsala maola awiri kuti munyamuke, kenako 15 pa maola 8 alionse. Kumwa mutayamba kale kusanza sikuthandiza. Amagonetsa, sagwirizana ndi mowa, ndipo ngati muli oyembekezera kapena mukumwa mankhwala ena, uzani wa pa famaseyo. Yesani kumwa kamodzi muli kunyumba muone mmene akukutengerani. Idyani pang'onopang'ono, mabisiketi ouma, nthochi, tiyi wa jinja. Mukasanza, sanzirani m'ndowa mutakhala pansi, osati mutatsamira kunja kwa bwato. Kwa ambiri thupi limazolowera pofika tsiku lachitatu. Pemphani kuti usiku woyamba mugone bwato lili pa nangula pamalo abata.

Madzi abwino ali m'thanki ya malita mazana ochepa, ya anthu onse, yakumwa, kuphikira ndi kusamba. Imwani malita atatu patsiku osaumira, koma posamba muyambe m'nyanja, kenako mutsukuluze ndi lita imodzi kapena ziwiri. Chimbudzi cha m'bwato chimapopedwa ndi dzanja ndipo mapaipi ake ndi opapatiza. Pepala, thonje ndi mapadi zimapita m'kabini kapadera. Pemphani kuti akuonetseni kapopedwe tsiku loyamba, musachite manyazi, pakuti chikatsekeka amene amamasula paipiyo ndi bambo anu. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, akatayika amatsikira pansi pa bwato n'kudikira moto, ndiye mukamaliza kuphika tsekani ku botolo, osati pa chitofu pokha.

Kuphwa ndi kudzaza kwa madzi ndi chinthu chimene nyanja yathu ilibe. Kumeneko madzi amadzaza kawiri n'kuphwa kawiri patsiku, ndipo mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu kusiyana kwake kumafika pafupifupi mamita anayi. Nthawi yake imachedwerako mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mungasiye kabwato kopitira kumtunda m'madzi ofika m'chiuno, pobwera n'kukapeza kali pamchenga kutali ndi madzi, kapena mungakasiye pouma n'kupeza katengedwa. Madzi akamasuntha chotero amakoka mwamphamvu m'mipata ya zilumba, makamaka ku Pemba. Musadumphire m'madzi musanafunse kaputeni, ndipo makwerero akhale atatsitsidwa kale. Poyenda pamene madzi aphwa valani nsapato za labala, chifukwa pamiyala pali tizilombo taminga takuda. Mukabayidwa viikani phazi m'madzi otentha amene mungapirire kwa theka la ola kapena kupitirira. Bala la miyala ya korali litsukeni ndi madzi abwino ndi sopo nthawi yomweyo, limatukusira msanga m'nyengo yotentha. Udzudzu uliko, ndipo thupi likatentha kayezetseni malungo.

Pa bwato lenilenilo, valani jekete yoyandamitsa nthawi zonse mukakhala m'kabwato, usiku, ndiponso mafunde akakula. Ngati simudziwa kusambira, nenani tsiku loyamba ndipo muzivala nthawi iliyonse muli panja. Dzanja limodzi likhale logwira penapake poyenda. Mtanda wa m'munsi mwa thanga lalikulu umatembenuka mwadzidzidzi bwato likakhota, mutu ukhale pansi pake. Zala zisayandikire pamene chingwe chikukulungidwa, ndipo mphete muvule. Musagwiritse dzanja kapena phazi kutchinga bwato kuti lisagunde doko. Bwatolo limalemera matani angapo.

Tikupemphaninso chinthu chimodzi chimene ana a anthu achikulire amachiiwala. Phunzirani tsiku loyamba kuyatsa ndi kuzimitsa injini, kuwerenga pa makina malo amene bwato lili, ndi kuitana pa wailesi yolankhulirana ya m'bwato, ya VHF, pa tchanelo 16, imene ndi ya ngozi. Munthu akagwera m'madzi, ntchito yanu ndi kukuwa, kuponya choyandama, ndi kumuloza ndi chala osachotsa maso ngakhale kamphindi. Bambo ndi mnzawo ndi achikulire, ndipo wina akadwala mwadzidzidzi mwina wotsala woima ndi inu.

M'bwato malo ndi ochepa, mawu amamveka paliponse, ndipo woyendetsa akafuna chingwe chimasulidwe amalankhula mwachidule, mopanda "chonde". Musakhumudwe bambo kapena mnzawo akakweza mawu pamene akuponya nangula. Chitani kaye, mafunso abwere bwato likakhazikika. Nkhani za kumudzi zolemera, za minda, za ndalama kapena za liti adzabwerera, zisungireni madzulo muli kumtunda awiriwiri, osati pa chakudya pamaso pa mwini bwato. Ndipo musananyamuke ku Mzuzu, siyirani m'bale mmodzi dzina la bwato, nambala ya kaputeni ndi tsiku limene mukuyembekezeka kutsika, mum'chenjezenso kuti kumadera ena a Pemba ndi pakati pa zilumba netiweki imasowa tsiku lonse kapena awiri, asayambe kuda nkhawa msanga.