Miyendo yakana mutapanga ma squat: mupume masiku angati?

Achemwali, mwalemba kuti mwatha sabata zitatu chiyambireni jimu, ya mtundu uja wotchedwa CrossFit, umene mumasakaniza kudumpha, kunyamula zitsulo, kukankha tayala ndi kuthamanga mosapumira. Lolemba munapanga ma squat (kunjuta n'kudzuka) ndi ma lunge (kuponya mwendo umodzi kutsogolo n'kutsitsa bondo la mwendo winawo) ambiri, lero Lachitatu kutsika masitepe a kuofesi mukuchita kugwira khoma, ndipo anzanu akuti mubwerebe mawa kuti "lactic acid ichoke". Ndayamba ndaseka, musandide. Ndakumbukira mmene ndinkatsikira minibasi m'depoti nditangoyamba, chammbuyo ngati agogo, kondakitala akundifunsa ngati ndachita ngozi.

Minofu imene mwaipanikiza kwambiri muziipatsa maola osachepera 48 musanaipanikizenso. Poti mwangoyamba kumene, 72 ndiye abwino. Pa miyendo yanuyo musawerenge masiku okha: dikirani mpaka muzitha kukhala pampando ndi kudzuka osagwira tebulo. Ndikuganiza kuti pofika Lachisanu kapena Loweruka mukhala mutafika pamenepo.

Za lactic acid zo ndi bodza limene lakhalitsa m'majimu. Asidi ameneyu, amene thupi limapanga minofu ikamagwira ntchito yolimba, amachulukadi m'magazi nthawi imene ntchafu zikuotcha, inu muli wefuwefu, koma pakatha ola limodzi mutasiya amakhala atabwerera mwakale. Mmene mukukafika ku Area 25 ndi mpanipani wa madzulo uja, palibenso chotsala choti mukachotse mawa lake. Ululu mukumvawu ndi wina, ku jimu mudzamva akuutchula kuti DOMS. Umabwera chifukwa timinyewa ta mkati mwa mnofu tavulala pang'ono, makamaka pamene mnofu ukugwira katundu uku ukutamuka: potsika pa squat, potera mukadumpha pabokosi, potsitsa thupi pa pull-up (kudzikokera m'mwamba mutalendewera pachitsulo). Amene anakwerapo phiri la Bunda kapena la Nkhoma akudziwa kuti chimene chimatha ntchafu ndi kutsika, osati kukwera. Ululuwu umayamba patapita maola 12 mpaka 24, umafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, kenako n'kumazilala mpaka kutha pa masiku 5 mpaka 7. Ndiye Lachitatu lanuli muli pamwamba penipeni pa phiri. Chotonthoza n'chakuti thupi limaphunzira msanga. Mukadzabwereza ma lunge omwewo sabata yamawa, sadzakuchitani chipongwe ngati ulendo uno.

Chimene ambiri sitimvetsa tikamayamba n'chakuti mphamvu sizibwera tili mu jimu. Mu jimu timagumula, kumanga kumachitika titachokako. Amene akumanga nyumba ku Area 49 akudziwa: ukathira silabu lero, mawa sukwerapo ndi njerwa, umaithirira madzi n'kuisiya igwire. Mnofu umakhala ukudzikonza kwambiri kwa tsiku limodzi kapena awiri mutapanga masewera. Shuga amene amasungidwa m'minofu, amene mwamuwotcha ndi ma burpee (kugwa chafufumimba, kudzuka n'kudumpha), amafuna pafupifupi maola 24 kuti abwerere, ngati mukudya mokwanira. Mitsempha yolumikiza minofu ndi mafupa ndiye imazolowera mochedwa kuposa zonsezi. N'chifukwa chake munthu pa mwezi wachiwiri amadziona kuti wafikapo, n'kuwonjezera zitsulo, kenako bondo kapena phewa n'kuyamba kudandaula.

Komanso si tsiku lililonse la jimu limene limafuna kupuma kofanana. Mukapanga za mphindi 12 zopepuka, kupalasa njinga ndi kudumpha chingwe, mawa mutha kubwera. Tsiku la deadlift (kunyamula chitsulo kuchoka pansi n'kuima nacho chilili) yolemera, kapena loti chinthu chimodzi mwachibwereza kokwana 100, limafuna masiku awiri kapena atatu. Pali ina a CrossFit amaitcha Murph: kuthamanga makilomita 1.6, ma pull-up 100, ma push-up 200, ma squat 300, n'kuthamanganso makilomita 1.6. Ine ndikapanga imeneyo, ngakhale yochepetsa, masiku 4 otsatira ndimangoyenda ndi kudziwongola basi.

Mudzamva ena akuti lamulo ndi masiku atatu kugwira, tsiku limodzi kupuma. Ndondomeko imeneyo inachokera kwa Greg Glassman, amene anayambitsa CrossFit ku Santa Cruz, ku California, ndipo imathandiza munthu amene thupi lake linakhwima kale pa masewerawa. Kwa inu ndi ine, amayi odzuka 5 koloko kukonzekeretsa ana, kukakhala pa desiki tsiku lonse, madzulo n'kukaimanso pambaula, ndi yolemera. Aja timawaona pa Instagram akupanga kawiri patsiku, imeneyo ndiye ntchito yawo, akachoka pamenepo amakagona. Ine ndinganene kuti miyezi itatu yoyambirira muzipita Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kapena masiku ena alionse bola pakati pazikhala tsiku. Musaone kuchepa. Malangizo a 2020 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu azichita masewera olimba kwa mphindi 75 mpaka 150 pasabata, ndi olimbitsa minofu masiku osachepera awiri. Maulendo atatuwo mwakwanitsa kale zonsezo. Thupi likazolowera mudzawonjezera tsiku lachinayi, ndipo pakatha sabata 5 kapena 6 zilizonse muzikhala ndi sabata imodzi yopepuka.

Kupuma sikutanthauza kugona pa sofa ndi rimoti. Yendani mphindi 30, kaya kuzungulira kwanu konko, kaya kunja kwa Bingu Stadium kumene anthu amayendako m'mamawa. Kuchapa ndi kukolopa nakonso kumawerengedwa. Magazi akamayenda kuumako kumachepa kwa kanthawi, ngakhale kuti sikuti mnofu wapola. Kudziwongola ndi kusisita kumamveka bwino, chitani ngati mukukonda, koma musayembekezere zodabwitsa.

Zimene zimachiritsa kwenikweni ndi tulo ndi chakudya, ndipo pa ziwirizi tulo ndi limene timalibera kwambiri. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9. Ngati mukugona 11 koloko muli pa foni n'kudzuka 4:30 kuti mukapeze kalasi ya m'mawa, ngakhale mutapuma masiku atatu mudzabwerera muli wotopa. Ine ndinachita kusamukira kalasi ya madzulo chifukwa cha zomwezi.

Pa chakudya, chonde musasiye nsima. Ndikudziwa kuti ambiri timayamba jimu pofuna kuchepetsa mimba, ndiye tsiku lomwelo timalengeza kuti ufa ayi, mpunga ayi, mbatata ayi. Masewera a mtundu uwu amadya chakudya chopatsa mphamvu, mukawamana mudzangoona chizungulire. Chepetsani mitanda, osati kuthetseratu. Zomanga thupi ndiye wonjezerani: munthu wonyamula zitsulo amafunika pafupifupi magalamu 1.6 a puloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, kutanthauza kuti wolemera makilogalamu 65 akufunika cha m'ma magalamu 100. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, ndiye mukuona kuti mazira awiri a m'mawa sakwanira okha. Usipa, matemba, nyemba, nandolo, soya, chambiko, ndiwo zotendera nsinjiro, nkhuku ikapezeka, zonsezi zili pa msika wa Lizulu kapena wa kwanu. Mabotolo odula aja a ufa wa puloteni si oyipa, koma musadzione wotsalira chifukwa simunagule.

Madzi, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene kuno kumatentha kupitirira madigiri 30, ndipo majimu athu ambiri ndi a malata. Ngati pali sikelo, dziyezeni musanayambe ndiponso mukamaliza. Kilogalamu imodzi imene yachoka si mafuta, ndi lita imodzi ya thukuta, ndipo mubweze lita imodzi ndi theka m'maola otsatirawo. Mowa wa Lachisanu umachedwetsa kupola komanso umasokoneza tulo, nkhaniyo ndiisiyire pomwepo.

Bufeni ndi diclofenac musawasandutse chiponde. Ndaona anthu akumwa asanayambe kalasi kuti asamve ululu. Mankhwala amenewa, thupi likakhala kuti lauma madzi, amapanikiza impso, komanso amabisa chizindikiro chimene chikanakuuzani kuti siyani.

Phunzirani kusiyanitsa maululu. Wa DOMS umakhala mu mnofu, mbali zonse ziwiri, ndipo umachepa mukayamba kuyenda. Wobaya, wa malo amodzi, wa m'bondo kapena pamsana, woti mukamayenda ukukulirakulira, kumeneko ndi kuvulala, ndipo kukufunika wa physio, wachipatala woona za minofu ndi mafupa, osati kulimba mtima. Kuphwanya m'thupi kukabwera ndi kutentha thupi, mutu ndi kuzizidwa, musanamizire jimu, kayezetseni malungo, ndipo osapanga masewera thupi likutentha. Zina zimabwera mwakachetechete. Muziwerenga kugunda kwa mtima mukangodzuka musanatsike pabedi. Ngati kwa masiku angapo kwakwera ndi 5 mpaka 10 pa mphindi kuposa nthawi zonse, tulo sakubwera, chitsulo chimene munkanyamula bwinobwino chikulemera, ana mukungowakalipira popanda chifukwa, thupi likupempha tchuthi. Kwa ife amayi, msambo ukayamba kudumpha kapena kusiya pamene simuli oyembekezera, nthawi zambiri ndiye kuti masewera achuluka pamene chakudya chachepa. Zimenezo kaonaneni ndi adokotala.

Chimodzi chokha n'chimene ndikufuna muchisunge ngakhale mutaiwala zina zonsezi. Mlamu wanga anali katswiri wa zitsulo, anasiya miyezi 8, tsiku lobwerera anafuna kuonetsa anyamata kuti akadalipo. Anapanga ma pull-up osawerengeka masana dzuwa likuswa mtengo. Patapita masiku awiri mikono inatupa moti sankatha kuiwongola, mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka. Iye ankati ndi kutopa chabe. Akazi ake ndi amene anamukakamiza kupita kuchipatala, ndipo anagonekedwa masiku angapo ali pa diripu. Matendawa amatchedwa rhabdomyolysis: mnofu umaphwanyika kwambiri, zamkati mwake n'kulowa m'magazi, n'kukatseka impso. Amakonda kugwira anthu ongoyamba kumene ndi obwerera atapuma nthawi yaitali, poti mtima umafuna zimene thupi silinakonzekere. Mukaona mkodzo wakuda, kutupa kwakukulu, kufooka kodabwitsa kapena mkodzo kuchepa, musalembe pagulu pano kufunsa maganizo. Pitani tsiku lomwelo ku Kamuzu Central kapena chipatala chimene muli nacho pafupi, mukanene kuti munapanga masewera olimba, akuyezeni magazi ndi impso. Phukusi la moyo sakusungira mnzako, ndipo anzanu a ku jimu sadzakhalapo pa diripupo.

Poti simunatchule zoterezi, ndikukhulupirira kuti zanu ndi ululu wamba. Mawa Lachinayi yendani, idyani bwino, gonani msanga. Lachisanu m'mawa yesani ma squat 10 opanda chitsulo kuchipinda. Akatheka bwinobwino pitani ku jimu. Akakanika, pitani mukapange za mikono zokha kapena dikirani Lolemba, palibe chimene mutaye pa masiku awiri. Ndipo kochi wanuyo mumuuze poyera kuti muli pa sabata yachitatu, ena akamapanga 50 inu akupatseni 25. Kochi wodziwa ntchito yake sakana zimenezo.