Funsani za Umoyo: Kuyezetsa magazi pofuna kudziwa mphamvu ya chimuna

Makalata a mwezi uno achokera ku Chigwa cha Shire, ndipo onse akuzungulira nkhani imene abambo ambiri amainong'ona. Mutikhululukire, ziwalo tizitchula ndi maina ake kuti timvane bwino.

Ndine bambo wa zaka 46 ndipo ndimagwira ntchito yothirira nzimbe usiku. Chaka chino thupi langofooka, chilakolako cha kuchipinda chatha, ndipo m'mawa chida sichidzukanso ngati kale. Mnzanga akuti ndikayezetse tesitositeroni. Amayeza bwanji, nanga ndikonzekere chiyani? — Bambo wa ku Nchalo

Bambo, zizindikiro ziwiri mwa zimene mwatchulazo, kutha kwa chilakolako ndi kusadzuka kwa chida m'mawa, ndi zimene zimayenderana kwambiri ndi kuchepa kwa tesitositeroni, homoni ya chimuna, choncho mnzanu sanakusokeretseni. Kufooka kokha sikunena zambiri. Munthu wogona maola anayi masana, m'nyumba ya malata, mu Okutobala wa ku Nchalo, afooka ngakhale mahomoni ake ali bwinobwino.

Tesitositeroni amapangidwa m'machende. Lamulo loti apangidwe limachokera ku kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa kamene kali pansi pa ubongo, kotchedwa pituitary. Mulingo wake m'magazi sukhazikika tsiku lonse: umakwera munthu akamagona, umafika pamwamba podzuka, kenako umatsika dzuwa likamapendeka. N'chifukwa chake magazi amatengedwa pakati pa 7 koloko ndi 10 koloko m'mawa. Koma inu amene mumagwira usiku, m'mawa wanu ndi nthawi imene mwadzuka kutulo tokwanira. Musachoke kumunda mbandakucha n'kulunjika kolasidwa jakisoni, chifukwa nambala idzatuluka yotsika mwabodza. Sankhani masiku opuma, mugone usiku ngati anthu ena kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo mukatengetse magazi m'mawa wotsatira.

Mupite musanadye. Chakudya chomaliza chikhale cha madzulo. Madzi imwani ndithu, koma tiyi wa shuga, thobwa, mandasi kapena fanta ayi, poti shuga akalowa m'magazi amatha kutsitsa tesitositeroni ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kwa maola angapo. Mowa usiyeni dzulo lake. Ngati mwadwala malungo, kutsegula m'mimba kapena matenda ena otenthetsa thupi, dikirani muchire ndipo papite milungu ingapo, chifukwa thupi lodwala limayamba lasiya ntchito ya kubereka n'kulimbana ndi matendawo. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa. Tramadol, morphine, prednisolone ndi mapiritsi a ketoconazole amatsitsa homoniyi, ndipo adokotala ayenera kudziwa.

Kutenga magaziko n'kwa mphindi zochepa. Amamanga kamphira pamkono, amalasa mtsempha wa pachigongono, n'kutenga mamililita pafupifupi 5 m'kabotolo ka chivindikiro chofiira kapena chachikasu. Magaziwo amawasiya kwa mphindi 30 kuti aundane, kenako amawazunguza m'makina kuti madzi achikasu apatukane ndi maselo ofiira. Madzi achikasuwo ndi amene amayezedwa.

Apa ndi pamene anthu a kuchigwa amavutikira. Zipatala zazing'ono zimayeza malungo, HIV, shuga ndi kuchuluka kwa magazi, koma kuyeza mahomoni kumafuna makina ndi mankhwala a m'labotale amene kawirikawiri amapezeka ku Blantyre. Yambirani kwa adokotala kwanu komweko, kaya ku St Montfort kapena ku chipatala cha boma ku Chikwawa, akupimeni thupi ndi kukuuzani kopita. Ngati magazi atengedwa kuno n'kutumizidwa kumtunda, funsani ngati awapatula kale ndiponso ngati ayenda m'bokosi lozizira la madigiri 2 mpaka 8. Kabotolo ka magazi osapatula kakakwera mapiri a ku Thabwa m'thumba la malaya, pa kutentha kopitirira madigiri 40, maselo ofiira amasweka ndipo a labotale akhoza kukakana. Ngati mukupita nokha, kagoneni ku Blantyre kuti m'mawa ukupezeni muli pamzere.

Zotsatira zikatuluka zotsika, musakhulupirire pepala limodzi. Mwa abambo atatu amene nambala yoyamba imatuluka yotsika, pafupifupi mmodzi amapezeka ali bwino akayezedwanso. Kuyeza kwachiwiri kukhale tsiku lina, m'mawanso, musanadyenso. Tsiku lomwelo pemphani akuyezeni shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Abambo ochuluka amene amabwera ndi dandaulo la kuchipinda vuto lawo limapezeka kumeneko, chifukwa shuga ndi BP zimawononga timitsempha ta magazi ta kuchida zisanafike poononga mtima.

Ndili ndi zaka 52 ndipo ndimamwa ma ARV mokhulupirika. Ndinayezetsa ku labotale yolipira ku Blantyre, magazi anatenga cha m'ma 2 koloko masana nditadya nsima. Pepala lalemba 9.8 nmol/L. Kodi ndagwa mu mpapaya? — Bambo wa ku Bangula

Simunagwe, bambo, ndipo pepala limenelo silinganene kanthu kotsimikizika. Magazi a masana, otengedwa mutakhuta komanso mutatopa ndi minibasi yochokera ku Bangula, amapereka nambala yotsika kuposa yeniyeni. Bwerezani monga tafotokozera m'yankho loyamba.

Nambalazo muziwerenge motere. Pansi pa 8 nmol/L, kawiri konse, ndiye kuti homoni yachepadi. Pamwamba pa 12, kawirikawiri kuchepa kwa tesitositeroni sikukhala gwero la vuto lanu. Pakati pa 8 ndi 12 ndi pamene pamafunika kufufuza mozama. Malabotale ena amalemba mu ng/dL, ndipo kuti musinthe chulukitsani nambala yanu ndi 28.8. Choncho 9.8 yanuyo ndi pafupifupi 282 ng/dL. Tikunena izi poti alipo amene amayerekeza pepala lawo la 10 ndi la mnzawo la 400 n'kuganiza kuti iwo atha ntchito, pamene miyeso yake ndi yosiyana. Kumbukiraninso kuti mwamuna akapitirira zaka 40 mulingo umatsika pang'onopang'ono, pafupifupi 1 peresenti pachaka. Kumeneko ndi kukula chabe.

Pali china chimene chikukhudza inuyo. Tesitositeroni wambiri amayenda m'magazi atamangiriridwa ku mapuloteni, ndipo womasuka ndi pafupifupi 2 peresenti yokha. Puloteni imodzi, yotchedwa SHBG, imamugwira mwamphamvu moti thupi silitha kumugwiritsa ntchito. SHBG imachuluka mwa anthu amene ali ndi HIV, odwala chiwindi, okalamba, ndi omwa mankhwala a khunyu monga phenytoin, carbamazepine ndi phenobarbitone. Kwa anthu otere nambala yonse ikhoza kuoneka yabwino pamene homoni yogwira ntchito ili yochepa. Kwa munthu wonenepa kwambiri kapena wodwala shuga zimakhala mosemphana: SHBG imachepa, nambala imaoneka yoopsa, koma yogwira ntchito ili yokwanira. Pobwereza, pemphani ayezenso SHBG ndi puloteni ina yotchedwa albumin kuti adokotala awerengere homoni yomasukayo.

Zikatsimikizika kuti yachepa, funso lotsatira ndi lakuti vuto lili pati. Amayeza LH ndi FSH, mahomoni ochokera ku pituitary. Akakhala okwera, ndiye kuti ubongo ukulamula koma machende sakuyankha, mwina chifukwa cha kuvulala, matsagwidi amene anatsikira kumachende munthu atakula kale, kapena chibadwa. Akakhala otsika, vuto lili ku ubongo, ndipo amayeza prolactin, homoni ina ya ku pituitary. Prolactin wokwera kwambiri, limodzi ndi mutu wosatha kapena maso osaona bwino m'mbali, zimafuna kujambula mutu ku chipatala chachikulu ngati cha Gulupu. Ma ARV musasiye ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha nkhaniyi. Kachilombo kosaponderezedwa ndi kamene kamatsitsa homoni, osati kumwa mankhwala mokhulupirika.

Takhala m'banja zaka 4 popanda mwana. Ine anandipima n'kunena kuti ndili bwino. Abambo akunyumba akufuna kugula jakisoni wa tesitositeroni kwa munthu wina wogulitsa mankhwala kuti mbewu yawo ilimbe. Ndiwalole? — Mayi wa ku Ngabu

Mayi, aletseni, ndipo muwawerengere yankho ili. Jakisoni ameneyo amachita zosemphana ndi zimene akufuna. Homoni ikalowa m'thupi kuchokera kunja, ubongo umaona kuti yakwanira n'kusiya kutumiza LH ndi FSH. Machende amagona, amachepa msinkhu, ndipo m'miyezi itatu kapena inayi mbewu imatha kutheratu mu umuna. Mwamunayo amamva mphamvu, kuchipinda zimayenda, umuna umatuluka, koma mulibe mbewu. Akasiya jakisoni, zimatenga miyezi 6 mpaka chaka, nthawi zina zaka ziwiri, kuti mbewu ibwerere, ndipo kwa ena sibwerera yonse. Zimatimvetsa chisoni kuti banja limataya zaka zake zobereka chifukwa cha jakisoni wogula m'chikwama cha munthu.

Chimene abambowo akufunika poyamba ndi kuyezetsa umuna, osati magazi. Apume kugonana kwa masiku 2 mpaka 7. Umuna wonse ulowe m'kabotolo koyera kochokera ku labotale, osati mu kondomu, poti mafuta ake amapha mbewu. Madontho oyamba ndi amene amakhala ndi mbewu yambiri, choncho akatayika anene, ayambirenso tsiku lina. Kabotoloko kafike kwa opima pasanathe ola limodzi, kosaikidwa mufiriji kapena padzuwa. Malinga ndi muyezo wa bungwe la WHO wa 2021, malire a pansi ndi mamililita 1.4 a umuna ndi mbewu 16 miliyoni pa mililita imodzi. Mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ikhwime, kotero malungo a miyezi iwiri yapitayo akhoza kutsitsa chiwerengero cha lero. Zikatuluka zoipa, abwereze pakatha miyezi itatu.

Kwa anthu a kuchigwa tiwonjezere likodzo. Mwamuna amene amawedza ku Elephant Marsh, kulima mpunga kapena kusamba m'ngalande za mthirira akhoza kukhala ndi mazira a likodzo m'njira za umuna, osati m'chikhodzodzo mokha. Umuna wosakanikirana ndi magazi, wachikasu kapena wotuluka ndi ululu ndi chizindikiro. Ayezetse mkodzo wa masana, pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko, pamene mazira amatuluka ambiri. Mankhwala ake ndi praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, omwa kamodzi munthu atadya. Chinzonono chimene sichinachiritsidwe bwino paunyamata nachonso chimatseka njira za mbewu, ndipo ndi bwino abambowo akaulule zimenezi kwa adokotala mopanda manyazi.

Ndimatafuna gondolosi ndipo nthawi zina ndimagula timapiritsi ta mphamvu pamsika. Ndisiye ndisanakayezetse? — Wachinyamata wa ku Dyeratu

Siyani zonse kwa milungu iwiri, achimwene, ndipo mukawauze adokotala zimene munkamwa. Timapiritsi tambiri ta pamsika, ngakhale tolembedwa kuti n'tazitsamba, timakhala ndi sildenafil wosadziwika mulingo. Sildenafil amangotsegula mitsempha ya magazi, sakweza tesitositeroni. Akakumana ndi mankhwala a mtima a gulu la nitrate, kuthamanga kwa magazi kumatsika mwadzidzidzi mpaka munthu kukomoka. Ngati chida chimadzuka bwino m'mawa koma chimakana pamaso pa mnzanu, homoni yanu mwachidziwikire ili bwino, ndipo choyenera kuunika ndi nkhawa, mowa kapena chamba.

Ndili ndi phudzi kwa zaka zambiri. Kodi ndi limene lathetsa mphamvu zanga? Nanga akapeza kuti homoni yachepadi, chithandizo chake n'chotani? Ndili ndi zaka 61. — Bambo wa ku Nsanje

Phudzi lodzadza madzi n'lofala kuno chifukwa cha tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu, timene tinavutitsa kwambiri Chikwawa ndi Nsanje. Mu 2020 bungwe la WHO linavomereza kuti Malawi yagonjetsa matendawa, koma amene anatupa kale amakhalabe otupa mpaka atachitidwa opaleshoni. Madziwo amazungulira chende, ndipo kawirikawiri saletsa kupanga homoni. Chimene chimasokoneza kuchipinda ndi kulemera kwake ndi manyazi. Opaleshoni yake si yaikulu ndipo imachitika pa zipatala za maboma, choncho kafunseni ku Nsanje komweko. Musalole munthu kuliboola ndi singano kunyumba, madzi amabwereranso ndipo mukhoza kulowetsa mafinya. Chotupa cholimba ngati mwala pa chende penipeni, chosapweteka, ndi nkhani ina yofunika kupimidwa msanga.

Pa zaka 61 onaninso mankhwala a BP. Hydrochlorothiazide, atenolol ndi propranolol amafooketsa chida mwa abambo ena. Musasiye nokha, pemphani adokotala aone ngati angakusinthireni.

Homoni ikapezeka yochepa kawiri, zizindikiro zilipo, ndipo simukufunanso ana, chithandizo chilipo. Pali jakisoni wa testosterone enanthate wa mamiligalamu 250 pa milungu 2 kapena 3 iliyonse, pali wina wokhalitsa wa mamiligalamu 1,000 pa milungu 10 mpaka 14, ndiponso mafuta opaka pakhungu tsiku ndi tsiku. Opakawo amafuna kusamba m'manja ndi kuvala malaya, kuti asakhudze mayi kapena zidzukulu. Musanayambe, adokotala ayenera kupima prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndi chala komanso poyeza magazi kotchedwa PSA, poti amene ali ndi khansa ya prostate kapena ya bere salandira mankhwalawa. Ayezenso kukhuthala kwa magazi, kumene papepala amalemba haematocrit. Tesitositeroni amachulukitsa maselo ofiira, ndipo nambala ikapitirira 54 peresenti mankhwala amaimitsidwa, chifukwa magazi okhuthala amaundana mosavuta, makamaka kwa munthu wotuluka thukuta tsiku lonse kudimba osamwa madzi okwanira. Kuyeza kumeneku kumabwerezedwa pakatha miyezi 3 mpaka 6, kenako chaka chilichonse. Powerengera ndalama za chithandizochi, muikemo ndi za maulendo okayezetsawo, chifukwa mankhwala ndi kuyeza zimayendera limodzi.