Mayi, musafulumire kupereka makiyiwo

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, muno mu Harare. Amuna awo anatisiya chaka chatha, anasiya Toyota Hiace pakhomo, iwo sayendetsa, ndiye akufuna kuipereka kumalo osungirako ana amasiye ku Epworth. Akufunsa kuti, "Ndingokaisiya basi, kapena pali zoti ndiyambe ndachita?" Pepani Mayi kuti ndakhala masiku atatu osayankha. Funso lanuli landitokosa pachilonda chomwe ndinkayesa kuti chinapola kalekale.

Bambo anga anali a ku Dedza. Anabwera kuno ali mnyamata, nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe chinatha mu 1963, ndipo anakalambira m'fakitale ina ku Southerton. Atapuma pantchito anagula pikiapu ya Mazda B1800 yoyera, ya zija zinkalumikizidwa konkuno ku Willowvale. Ku Highfield kwathu galimoto imeneyi inali ya aliyense. Kukagwa zovuta, bokosi linkapita kumanda a ku Granville pa Mazda ya bambo. Amayi a kwaya akaitanidwa ku Chitungwiza, ankadzazana kumbuyo atafunda zitenje, nyimbo ili pakamwa. Inanyamulapo matumba a chimanga kuchokera ku Mbare Musika, odwala opita kuchipatala cha Parirenyatwa pakati pa usiku, ndipo chaka china inatifikitsa kumudzi kudzera pa Nyamapanda ndi pa mlatho wa Tete. Loweruka lililonse m'mawa bambo ankatsegula boneti, nkusolola kachitsulo koyezera oyilo, kupukuta ndi kansanza, kubwezera, kusololanso. Ankaidziwa ndi khutu. Ikangosintha kaliridwe, tsiku lomwelo ili ku Gazaland kwa makaniko wawo.

Atamwalira, ife ana tinagwirizana kuti tiipereke kumpingo kwathu. Tinkati popeza inkatumikira anthu, ipitirize. Tsiku lopereka linali lokoma zedi. Abusa anaika manja paboneti, amayi nthungululu, mayi anga akupukuta misozi ndi nsonga ya duku. Ine ndinapereka makiyi kwa a komiti mtima uli mbee.

Inayenda miyezi itatu yokha. Woyendetsa anali aliyense amene wapeza makiyi, koma woyang'ana oyilo panalibe. Kenako kilatchi inatha. A komiti anakumana, msungichuma anati m'thumba mulibe ndalama ya galimoto, nkhani inakankhidwira mwezi wamawa, mwezi wamawa unabala mwezi wina. Anaikankhira kuseri kwa tchalitchi pansi pa mtengo wa mango. Batire linasowa. Matayala anaphwa, ena anawachotsa, nkuikhazika panjerwa. Tsiku lina nditasuzumira pawindo ndinapeza nkhuku ikufungatira mazira pampando pomwe bambo ankakhala, kachipewa kawo kakadali padashibodi katayezuka ndi dzuwa. Mayi anga anasiya kudzera njira ya kuseri popita kumapemphero. Ankazungulira kumsewu, ngakhale miyendo inali itayamba kale kuwavuta, ndipo sananenepo chifukwa chake. Patatha zaka zingapo anyamata a ku Magaba anabwera ndi lole nkuitenga ngati zitsulo chabe, pamtengo wosakwana kugula matayala anayi.

Kwa nthawi yaitali ndinkawasungira a komiti aja chakukhosi. Lero ndikunena mosapsatira kuti olakwa tinali ife. Galimoto imadya tsiku lililonse, iyende isayende: laisensi, inshulansi, mafuta, matayala, mabuleki, dalaivala. Bambo ankalipira zonsezo kuchokera m'thumba mwawo mwakachetechete, ndipo nchifukwa chake anthu ankaiona ngati yaulere. Ife tinapereka chitsulo chokha, koma munthu amene ankachisamalayo tinali titamuika m'manda. Tinasenzetsa anthu katundu amene sanatipemphe, komanso amene sakanatha kukana, chifukwa ndani angakane mphatso ya anamfedwa pamaso pa mpingo wonse?

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa pali khalidwe lina lomwe limandiwawa. Munthu galimoto yamukanika, giyabokosi yafa, makaniko wagwedeza mutu, ndiye m'malo moigulitsa kwa ophwasula akuikokera kumalo a ana amasiye, kujambulitsa akupereka makiyi, chithunzi pa Facebook, anthu nkumamuyamikira. Wangosesa pakhomo pake, zinyalala nkukataya pabwalo la ana. Osamalira anawo, amene akuvutika kale kupeza ufa ndi fizi, atsala ndi chiphakasa chomwe chikudya malo osewerera. Inu Mayi sindikukuikani m'gulu limenelo ayi, imelo yanu ikuonetsa kuti mtima wanu uli pa anawo. Koma mtima wathu nafenso unali wabwino, ndipo Mazda inatherabe panjerwa.

Chinanso chomwe sitinachiganizire ndi mapepala. Buku la galimoto linali likadali m'dzina la bambo. Tinkaona ngati kupereka makiyi ndiye kuti zatha. Zoona zake nzakuti katundu wa malemu sangasamutsidwe chisawawa, ndipo ngongole ya laisensi inkaunjikana m'dzina la munthu amene ali kumanda. Ikanagunda munthu pamsewu m'miyezi itatu ija, apolisi akanagogoda pakhomo pa mayi anga. Ndikaganiza zimenezi mpaka lero thupi limachita tsembwe. Ambiri a ife ana a anthu obwera timaopa maofesi, tinakulira m'mabanja momwe nkhani ya zitupa inali yosautsa, ndiye tikamva za mapepala timangoti tidzaona. Mantha amenewo ndi amene anatipweteketsa.

Zoti muchite

Yambani ndi chuma cha malemu. Chikalembetsedwe kwa Master of the High Court, ofesi yoona za chuma cha anthu omwalira, kuti pakhale munthu wovomerezeka kusainira galimotoyo, ndipo ana ndi akuchimuna agwirizane nazo poyera, kuopa milandu mawa. Kenako apolisi oona za kubedwa kwa magalimoto ku Southerton aiyendere, mukalipire msonkho wosinthira umwini ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, ndipo ku CVR, ofesi yolembetsa magalimoto, atulutse buku latsopano. Bukulo lituluke m'dzina la bungwe losunga anawo, osati la mkulu wake. Ngongole ya laisensi ku ZINARA, bungwe loona za misewu, ithe musanapereke. Pemphani kuona chikalata chosonyeza kuti bungwelo linalembetsedwa kuboma, ndipo mulemberane kalata yosainidwa mbali zonse ziwiri.

Koma musanayambe kuyenda m'maofesi onsewo, tengani makaniko wanu aione bwinobwino, akuuzeni zofunika kukonza ndi mtengo wake. Mukatero pitani ku Epworth nokha, popanda mwambo, mukakhale pansi ndi osamalira anawo muwafunse kuti adzayendetse ndani, makiyi azidzagona kwa yani, ndalama ya mafuta ndi laisensi izidzachokera kuti. Auzeni momasuka kuti akhoza kukana ndipo simukhumudwa. Akayamba kuyang'anana osayankha, igulitseni. Hiace yoyenda siisowa ogula muno mu Harare, eni maminibasi, omwe kuno timati makombi, amaifuna, ndipo ndalamayo mukhoza kukalipira nokha fizi ya anawo kusukulu kapena kuwagulira chakudya cha miyezi ingapo. Ngati ayankha bwino ndipo akuifunadi, ikonzeni kaye, muike matayala abwino, muwapatsenso kangachepe kosungira tsiku limene idzafune makaniko koyamba.