Nthochi ya m'chidebe ku Johannesburg

FUNSO: Mwana wanga ali ku Johannesburg. Akuti ndimutumizire mwana wa nthochi wa kudimba kwathu kuno ku Chia, akabzale m'chidebe pakhonde. Kodi nthochi ingapirire kuzizira kwa kumeneko? Ndine mayi wa ku Nkhotakota.

YANKHO: Mayi, mbewuyo musatumize. Zomera sizidutsa pachipata cha dziko popanda chilolezo, komanso matenda a chisaka, amene anasakaza nthochi zambiri kuno kunyanja, amayenda ndi ana a nthochi omwewo. Akagule konko mtundu waufupi wotchedwa Dwarf Cavendish, uja timati kabuthu.

Apeze chidebe chachikulu, ngakhale mgolo wodula pakati, achiboole pansi kuti madzi azituluka. Dothi alisakanize ndi manyowa owolerana bwino. Nthochi ndi yadyera, ndiye nyengo yotentha azithirira pafupipafupi ndi kuwonjezera manyowa.

Vuto lenileni ndi Juni ndi Julaye. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo chisanu chake chimawaula masamba usiku umodzi wokha. Musachiyerekeze ndi mwera wathu uja. Kutentha kukatsika pansi pa madigiri 14, nthochi imasiya kukula. Apo ailowetse m'nyumba pafupi ndi windo lolowa dzuwa, achepetse madzi kwambiri, chifukwa mizu imaola m'dothi lozizira ndi lonyowa. Masamba akauma asaizule, tsinde la pansi likakhala lolimba imaphukanso.

Za mkoko, kunena zoona, asayembekezere msanga. Ikhoza kudutsa zaka ziwiri isanabereke, ndipo nthochi zake zimakhala zochepa.