Kulemba mbiri ya akatswiri a ligi ya makoleji: poyambira ndi pomwe pamavuta

Aphunzitsi, funso lanu taliona. Mwati ligi yanu ya makoleji 6 a ku Dedza ndi Ntcheu yaseweredwa zaka zambiri, komiti yakutumani kuti mulembe mndandanda wa akatswiri chaka ndi chaka, koma pa zaka zina makoleji awiri onse akuti chikho chidali chawo. Ntchitoyi ndi yotheka, bola inu ndi komiti mugwirizane kaye mfundo imodzi musanagule ngakhale kope: katswiri wa chaka chakuti ndi timu imene komiti ya nthawiyo idalengeza potsatira malamulo a nthawiyo. Zakuti "timu yathu ndiyo inkaopsa" kapena "adatibera refu" zikhale za pa bawo.

Umboni suli wofanana mphamvu. Pamwamba penipeni ikani maminitsi a komiti ndi mapepala a refu a masewero aliwonse, aja olembedwa mayina a osewera, zigoli ndi siginecha za makaputeni. Pansi pake pabwere logibuku ya mkulu wa koleji, chifukwa akuluakulu ambiri amalembamo tsiku limene timu yabwera ndi chikho, ndipo amalemba sabata yomweyo nkhani idakali yotentha. Kenako nyuzipepala ndi zithunzi zokhala ndi deti. Kukumbukira kwa anthu kukhale komalizira. Sikuti madala aja amanama ayi, koma munthu amakumbukira bwino chigoli chimene adamwetsa n'kusokoneza chaka. Mukamawafunsa musayambe ndi chaka. Afunseni kuti adali m'chaka chachingati cha maphunziro, mkulu wa koleji adali ndani, masewero adachitikira bwalo liti, mvula idali itayamba kapena ayi. Chaka chimatuluka chokha mukayerekeza ndi kaundula wa ophunzira. Ngati mukufuna nyuzipepala zakale monga The Nation, Daily Times kapena Malawi News, ku National Archives ku Zomba amazisunga, koma pitani mutadziwa kale mwezi umene mukufufuza, apo ayi mudzatha tsiku lonse mukuvundukula masamba.

Gulani hadikava imodzi yaikulu, chaka chilichonse chikhale ndi masamba awiri oyang'anizana. Kumanzere lembani matimu amene adasewera, dongosolo la mpikisano, mapointi a kupambana ndi a kufanana mphamvu, katswiri, wachiwiri ndi mphoto. Kumanja lembani komwe mwatenga mfundo iliyonse. Anthu ambiri amadumpha tsamba lakumanjali, ndipo pakatha zaka zitatu mkangano umayambiranso chifukwa palibe angathe kusonyeza komwe dzina lija lidachokera.

Pomwe pamavuta kwambiri ndi pa mapointi, choncho tikhalitsepo. Kale wopambana ankapata mapointi 2, kufanana mphamvu 1. Dongosolo la mapointi 3 lidagwiritsidwa ntchito pa World Cup ya 1994 ndipo FIFA idalikhazikitsa mu 1995, koma maligi ang'onoang'ono adasintha iliyonse pa nthawi yake, ena mochedwa. Taonani momwe zimasinthira katswiri. Tinene kuti m'masewero 10, timu yoyamba yapambana 6, yafanana mphamvu kamodzi, yagonja katatu. Yachiwiri yapambana 4, yafanana mphamvu 6, osagonjako. Pa dongosolo la mapointi 3, yoyamba ili ndi 19, yachiwiri 18. Pa dongosolo la mapointi 2, yoyamba ili ndi 13, yachiwiri 14. Masewero omwewo, zigoli zomwezo, akatswiri awiri osiyana. Ndiye mukapeza makoleji awiri akukokerana chaka chimodzi, musathamangire kunena kuti wina akunama. Fufuzani kaye kuti chaka chimenecho ankawerenga bwanji.

Chimodzimodzi matimu akalingana mapointi. Malamulo ena amayang'ana kusiyana kwa zigoli zomwetsa ndi zomwetsedwa, ena amayang'ana zotsatira za masewero a matimu awiriwo okha, ena amawakumanitsanso pa bwalo lachilendo. Ku mpira wamanja ena amachita kugawa zigoli zomwetsa ndi zomwetsedwa m'malo mochotsera. Njira zimenezi sizipereka yankho limodzi nthawi zonse.

Tebulo lililonse limene mwapeza liyeseni ndi masamu musanalikhulupirire. Matimu 6 akamasewera pakwawo ndi koyenda, masewero onse ndi 30, timu iliyonse 10. Atakhala matimu 8, masewero ndi 56, iliyonse 14. Mukaphatikiza kupambana kwa matimu onse kulingane ndi kugonja konse. Nambala ya kufanana mphamvu ikhale yogawika ndi 2, poti masewero amodzi otere amalembedwa kwa matimu awiri. Zigoli zonse zomwetsa zilingane ndi zonse zomwetsedwa. Chimodzi mwa izi chikakana, mwina wolemba adalakwitsa, kapena pali masewero amene sadaseweredwe, timu idatuluka pakati pa ligi, kapena wina adalandidwa mapointi. Nthawi zina tebulo limene limapezeka m'mafaelo limakhala la sabata imodzi ligi isanathe, osati lomaliza, ndiye yang'anani ngati timu iliyonse yakwanitsa masewero ake.

Za kulandidwa mapointizi ndi nkhani yaikulu m'maligi a makoleji, chifukwa cha osewera aganyu. Mnyamata wa pa Lizulu kapena pa Kampepuza amene sali m'kaundula wa koleji amavekedwa jezi, n'kumwetsa zigoli ziwiri, timu inayo n'kudandaula ku komiti. Chigamulo chimatha kutuluka patapita milungu iwiri, opambana aja atavina kale, atajambulitsa ndi chikho m'manja. Chithunzi chimenecho chimakhala pakhoma mu ofesi zaka zonsezi, pomwe kalata ya chigamulo ili m'faelo ya mlembi amene adasamutsidwa kalekale. Apa kalata ndiyo imaposa chithunzi. Lembani katswiri amene komiti idagamula, pansi pake muike mzere umodzi wofotokoza zomwe zidachitika pa bwalo, popanda kutchula dzina la wosewerayo. Timu ikalephera kubwera, mwina lole idafera pa chitunda cha Bembeke, zigoli zimene amapatsa timu inayo zimasiyana malinga ndi malamulo. A FIFA amapereka 3-0, koma inu lembani zimene malamulo a ligi yanu ankanena, ndipo muike chizindikiro kuti zigolizo sizidamwetsedwe pa bwalo, kuti zisalowe m'chiwerengero cha womwetsa zigoli zambiri.

Musasakanize ligi ndi chikho cha chipulula. Chaka chimodzi chimatha kukhala ndi opambana awiri enieni, wina wa ligi, wina wa chikho chimene adathandiza wamalonda kapena phungu, ndipo onse amati "tidatenga chikho". Akhale ndi mindandanda iwiri. Mipikisano ya TESSAM, bungwe la masewero a m'makoleji, kapena ya MASSA, bungwe la masewero a m'sukulu, nayonso ikhale payokha. Fainolo yothera ku mapenate ilembedwe zigoli za pa bwalo kaye, mwachitsanzo 1-1, kenako mapenate 4-3 padera.

Chaka chenichenicho chimasocheretsanso. Kalendala ya sukulu ku Malawi kuno yasinthapo, padali nthawi chaka chinkayamba Januwale, pano chimayamba Seputembala. Ligi yoyamba Okutobala n'kutha Meyi wina adzaitchula ndi chaka choyambira, wina ndi chaka chothera, n'kuoneka ngati maligi awiri. Lembani zaka zonse ziwiri, monga momwe Super League imalembera nyengo ya 2020-21 imene idachedwa chifukwa cha Covid-19. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi 2020, ndiye ngati ligi yanu idaima pamenepo osapitiriranso, lembani kuti sidathe. Amene ankatsogola si katswiri pokhapokha komiti idatero m'maminitsi.

Pa mayina tengerani chitsanzo kwa akuluakulu. Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets ndi Nyasa Big Bullets ndi timu imodzi. Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers ndi Be Forward Wanderers imene idatenga ligi mu 2017 ndi Manoma omwewo. Pa tsamba la chaka lembani dzina limene timu inkadziwika nalo nthawiyo, koma powerengera zikho zonse muziphatikize pansi pa dzina la lero. Makoleji awiri akaphatikizidwa kukhala imodzi, zikho zakale zikhale pa mayina akale, musazipereke zonse kwa yatsopano komiti isanakambirane.

Chikho chenichenicho kapena chishango ndi mboni yabwino, koma chili ndi misampha yake. Tizitsulo tolembedwa mayina nthawi zina amatikhomerera zaka zingapo pakamodzi ndalama zikapezeka, ndipo wolembayo amangotsatira zimene wauzidwa. Mukaona tizitsulo tinayi totsatizana tili ndi kalembedwe kamodzi komanso kuwala kofanana, dziwani kuti tidalembedwa tsiku limodzi, ndiye titsimikizeni ndi umboni wina. Zilembo zikafufutika musakweche ndi mchenga kapena phulusa. Ikani pepala lopyapyala pamwamba, mupake pensulo mopendeketsa pang'onopang'ono, zilembo zimaonekera. Funsaninso ngati padali lamulo lakuti wopambana katatu motsatizana asunge chikho mpaka kalekale, chifukwa ngati lidalipo pali chikho china chakale chili m'kabati ya koleji ina, chonyamula zaka zimene zikukusowanizo.

Mphoto ya ndalama ilembedwe monga idaliri, osaisinthira ku mtengo wa lero. Kwacha idagwetsedwa mu Meyi 2012, mu Meyi 2022 komanso mu Novembala 2023, ndiye nambala yopanda chaka pambali pake siuza munthu kanthu.

Chaka chimene umboni wakana kugwirizana, chisiyeni chotsegula. Lembani kuti makoleji awiri akutchulidwa, muike umboni wa aliyense, basi. Mukamaliza, tumizani mndandandawo ku makoleji onse 6, muwapatse masiku 30 oti abweretse chotsutsa cholembedwa, kenako komiti ivomereze pa msonkhano, zilowe m'maminitsi. Jambulani tsamba lililonse ndi foni pamalo owala, zithunzizo zikhale ndi anthu atatu osiyana komanso pa imelo ya komiti, osati pa WhatsApp pokha pomwe zimatayika foni ikabedwa. Hadikavayo ikhale m'bokosi lachitsulo lokwezedwa pa njerwa, kutali ndi khoma, chifukwa chinyontho cha ku Dedza ndi chiswe sizisiya pepala lili bwino.