Akugwetsa msewu wa I-81 ku Syracuse: kodi wochita lendi ali ndi ufulu wanji?

Mayi, kalata yanu ndailandira. Mwati mwakhala zaka zinayi mukuchita lendi nyumba pafupi ndi msewu wa Almond ku Syracuse, m'chigawo cha New York, ndipo muli ndi kasaluni koluka tsitsi m'dera lomwelo. Mwini nyumba wakuuzani pakamwa kuti mwezi ukatha musamuke chifukwa boma likugwetsa msewu wa m'mwamba wa I-81. Mukufunsa ngati ntchitoyi ingaimitsidwe, ngati mudzalandira chipukutamisozi, komanso ngati kusakhala nzika ya America kungakumanitseni thandizo.

Musalongedze katundu. Mawu apakamwa a mwini nyumba si chidziwitso cha boma, komanso sakukwanira ngakhale ngati notisi ya lendi. Ku New York, lamulo la 2019 loteteza ochita lendi limati munthu amene wakhala m'nyumba zaka zopitirira ziwiri apatsidwe kalata masiku 90 pasadakhale, ngati mwini nyumba sakufuna kupitiriza naye mgwirizano kapena akufuna kukweza lendi ndi 5 peresenti kapena kuposerapo. Masikuwo akatha, mwini nyumba sangakutulutsenibe yekha. Ayenera kupita kukhoti, woweruza agamule. Kusintha loko, kudula madzi kapena kutaya katundu wanu panja ndi mlandu umene angamangidwe nawo. Chitetezo chimenechi ndi cha nyumba yogona. Za saluni zimatsata zimene munasainirana.

Zoimitsa ntchito ndinene mosabisa: khomo limenelo linatsekeka. Boma lalikulu la America ndi dipatimenti ya za mayendedwe ya New York anasaina chigamulo chomaliza mu May 2022, kusankha ndondomeko yotchedwa Community Grid, ya madola 2.25 biliyoni. Msewu wa m'mwambawo, wotalika makilomita awiri ndi pang'ono, uchoke. Magalimoto ongodutsa azizungulira pa I-481, ndipo ena azilowa mumzinda pa misewu yapansi. Gulu la Renew 81 For All linakasuma. Mu February 2023 woweruza Gerard Neri analamula kuti msewuwo usagwetsedwe mpaka boma litaunikanso zachilengedwe, koma mu February 2024 khoti la apilo linathetsa chigamulocho. Nthawi yosumira milandu yotere ndi yaifupi dala: miyezi inayi kukhoti la New York, masiku 150 kukhoti la boma lalikulu. Wina akakulonjezani kuti aimitsa ntchitoyi mukamulipira, ndalama zanu musunge.

Nkhani ya chipukutamisozi imadalira funso limodzi: kodi boma likutenga nyumba imene mukukhalayo? Ndondomeko imene anasankha ikutenga nyumba zochepa kwambiri, n'chifukwa chake mawu a mwini nyumba wanu ndikuwakayikira. Lemberani ofesi ya ntchito ya I-81 ku dipatimenti ya za mayendedwe, tchulani adiresi yanu, mufunse ngati malowo ali pa mapu a malo otengedwa. Akuyankheni polemba.

Ngati alidi pa mapu, lamulo la boma lalikulu la 1970, Uniform Relocation Assistance and Real Property Acquisition Policies Act, likukutetezani ngakhale nyumbayo si yanu. Lamuloli linabwera chifukwa cha zimene misewu ngati I-81 inachita. M'zaka za m'ma 1960 msewuwu unang'amba dera la 15th Ward, kumene anthu akuda ambiri a ku Syracuse ankakhala, ndipo mabanja pafupifupi 1,300 anachotsedwa. Lero boma silingakuchotseni lisanakupatseni kalata ya masiku 90 ndi kukusonyezani nyumba ina yofanana ndi yanu, yabwino, imene mungakwanitse. Limalipira zonyamulira katundu. Ngati lendi yatsopano yakwera, limalipira kusiyanako kwa miyezi 42, mpaka madola 9,570 malinga ndi malamulo amene anakonzedwanso mu 2024, ndipo ndalamazo zimatha kupitirira ngati nyumba yoyenera sikupezeka pamtengo umenewo. Ndalamazi sizidulidwa msonkho ngati malipiro.

Apa ndi pamene anthu ambiri amadziphonyetsa. Thandizo la lendili ndi la munthu amene anali m'nyumbamo masiku 90 boma lisanayambe kukambirana mtengo ndi mwini malo, ndipo akadali momwemo pamene zokambiranazo zikuyamba. Mukathawa lero chifukwa cha mantha, mawa akhoza kunena kuti munasamuka mwa kufuna kwanu. Mwini nyumba akakuthamangitsani n'cholinga choti thandizoli lizembedwe, lamulo limakuwerengeranibe ngati wosamutsidwa, koma umboni uyenera kukhala nanu: mgwirizano wa lendi, malisiti, mabilu a magetsi, mauthenga a pafoni. Mukasamutsidwa muli ndi miyezi 18 yopereka pempho la ndalama zanu. Akakukanizani kapena akakupatsani zochepa, mukhoza kuchita apilo polemba, ndipo ayenera kukupatsani masiku osachepera 60 oti mutero.

Za unzika: simuyenera kukhala nzika, koma muyenera kukhala m'dzikomo movomerezeka, ndipo adzakusainitsani chikalata chotsimikizira zimenezo. Amene alibe mapepala salandira ndalama zosamukira, pokhapokha atasonyeza kuti mkazi kapena mwamuna wake, mwana kapena kholo lake amene ndi nzika kapena ali ndi green card (chilolezo chokhazikika m'dzikomo) avutika koopsa. Pachikalatacho musaname, chifukwa bodza loterolo limawononga nkhani ya mapepala kuposa mtengo wa lendi. Ngati mapepala anu ali ndi vuto, muonane ndi loya wa za olowa m'dziko musanasaine. Ufulu woti musatulutsidwe popanda khoti uli nawo aliyense, wamapepala ndi wopanda mapepala yemwe.

Saluni ndiye yovuta. Ngati boma litenga nyumba imene muli saluniyo, lilipira kunyamula zipangizo, komanso ndalama zoyambiranso kwina mpaka madola 33,200. Koma ngati nyumbayo siikhudzidwa, kungoti makasitomala achepa chifukwa cha fumbi, phokoso ndi misewu yotsekedwa, makhoti a New York salipira zimenezo. Lamulo limati palibe amene ali ndi ufulu woti magalimoto azidutsa pakhomo pake. Zimasintha pokhapokha njira yolowera pamalopo itatsekedwa mwakuti sangagwirenso ntchito yake. Ine lamulo limeneli ndimaliona kuti ndi louma mtima kwa amalonda ang'onoang'ono, koma ndi mmene lilili.

Chimene ndikuganiza kuti chikuchitika kwa inu n'chakuti mwini nyumba waona kuti msewu ukachoka malo ake akwera mtengo. Almond ili pakati pa tawuni ndi phiri la yunivesite ndi zipatala, ndipo malo otere sakhala otchipa nthawi yaitali. Lamulo la 1970 limateteza wochotsedwa ndi boma. Wochotsedwa ndi kukwera kwa lendi silimudziwa. Anthu a m'nyumba za boma monga Pioneer Homes ali ndi malamulo awoawo a kusamutsidwa, koma inu wa lendi kwa munthu wamba chitetezo chanu chili mu mgwirizano wanu, kukhoti la nyumba, ndi pamisonkhano ya khonsolo ya mzinda imene imakambirana zomanga pamalo otsala msewuwo ukachoka. Kumeneko mawu a anthu amagwirabe ntchito. Makolo ndi NYCLU, bungwe loteteza ufulu wa anthu ku New York, atadandaula, boma linasuntha raundabauti imene linkafuna kumanga pafupi ndi sukulu ya Dr. King.

Sabata ino lembani kalata ziwiri: ina kwa mwini nyumba, yopempha kuti zimene ananenazo azilembe pamodzi ndi chifukwa chake, ina ku ofesi ya ntchito ya I-81. Lendi pitirizani kulipira munjira yosiya umboni, chifukwa ngongole ya lendi ndiyo ingamupatse chifukwa chenicheni chokutengerani kukhoti. Kenako tengani mapepala onse mupite ku Legal Services of Central New York kapena ku Hiscock Legal Aid Society, amene amathandiza kwaulere anthu opeza zochepa. Samani ya khoti ikabwera, tsiku lolembedwapolo musajombe.