Funsani Dokotala: Ndikusiya kusamba, ndimaiwala kudya, koma akungondiloza sikelo

Adokotala, ndine mayi wa zaka 48, ndimagwira ntchito ya muofesi ku Blantyre. Mwana wanga atapezeka ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lokhudza kulankhulana ndi kucheza ndi anthu), dokotala wa za maganizo anandiyeza nanenso n'kupeza kuti ndili ndi ADHD, vuto lovutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kukhazikika. Chaka chino msambo wayamba kudumphadumpha, mwezi wina osabwera, mwezi wina wochuluka zoopsa. Usiku ndimadzidzimuka zofunda zitanyowa ndi thukuta. Masana ndimaiwala kudya mpaka 4 koloko, ndiye ndikafika kunyumba ndimadya chilichonse ndili chiimire. Therere, mapeyala ndi phala lamadzimadzi sizidutsa pakhosi panga. Mimba yatuluka, masiketi akuthina. Kuchipatala anangondikweza pa sikelo n'kunena kuti ndisiye nsima. Ndayesa kawiri konse, ndalephera. Kodi ndine waulesi basi?

Mayi, ulesi mulibemo m'kalata yanuyi. Ndipo nsima musasiye. Munthu amene akufika 4 koloko m'mimba muli pululu sitimuchotsera chakudya, timamuthandiza kuti adye nthawi yabwino.

Amayi ambiri amasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo timati munthu wasiyadi pakatha miyezi 12 yotsatizana osaona msambo. Inu muli m'zaka zotsogolera nthawiyo, pamene homoni ya estrogen imakwera lero n'kugwa mawa. Homoniyi sigwira ntchito m'chiberekero mokha. Imakhudzanso dopamine, mankhwala a muubongo amene amathandiza munthu kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kuyamba ntchito, omwenso sayenda bwino kale mwa munthu wa ADHD. N'chifukwa chake amayi ambiri onga inu amadandaula kuti njira zonse zimene ankadzigwirira nazo kwa zaka zambiri zangosweka nthawi imodzi. Onjezanipo tulo toduladula chifukwa cha thukuta lija. Kuphika ndiwo kumafuna kukumbukira kugula tomato, kuyatsa mbaula, kusaiwala poto pamoto, ndipo mutu wotopa umagonja usanayambe n'komwe.

Palinso china chimene anthu sachidziwa. Ambiri a ADHD kapena autism samva msanga zimene thupi likuwauza. Anzanu m'mimba mukalira amadziwa kuti nthawi yakwana. Inu uthengawo umafika mochedwa, mutayamba kale kunjenjemera, mutu ukuwawa, mukukalipira aliyense. Pamenepo thupi limangofuna chilichonse chapafupi, mandasi kaya buledi, ndipo limafuna chambiri. Umenewo si umbombo, ndi njala ya maola khumi. Ngati mumamwa methylphenidate, amene ambiri amawadziwa kuti Ritalin, dziwani kuti amapha chilakolako cha chakudya masana, n'kuchibweza mwamphamvu akatha m'thupi madzulo. Idyani kaye m'mawa musanamwe.

Choncho lekani kudikira njala, muzidya ndi wotchi. Tcherani alamu pa foni katatu kapena kanayi pa tsiku, motalikirana maola atatu kapena anayi. Chakudyacho chizikhala poonekera, chifukwa chimene chili m'kabati mudzachikumbukira chitaola. Nthochi ndi kabotolo ka mtedza wokazinga zikhale pa desiki penipeni, pambali pa kompyuta. Wiritsani mazira angapo nthawi imodzi. Mbatata yophika dzulo ndi chakudya. Chipapati chokhala ndi dzira chogula pa msewu ndi chakudyanso, musachite nacho manyazi. Ena amadya bwino akakhala ndi mnzawo, ndiye ngati muli naye wa muofesi amene saphonya nkhomaliro, mupempheni azikugogoderani.

Za therere ndi mapeyala, zisiyeni. Palibe chakudya chimodzi chimene munthu angafe nacho chifukwa chosachidya. Kunyansidwa ndi kuterera, fungo kapena kufewa kwa chakudya n'kofala mwa anthu amene ubongo wawo umagwira ntchito mwa njira imeneyi, ndipo kudzikakamiza kumangochititsa kuti muziopa mbale. Timayambira pa zimene mumadya kale n'kumawonjezerapo. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa kusikelo ya ana aja, lililonse lili ndi zosankha zambiri. Ngati masamba ofewa amakunyansani, yesani kabichi wokazinga pang'ono kuti azikhala wokhutchuka, kapena karoti wosaphika. Ngati phala lamadzi silitsika, lipangeni lolimba, muthiremo nsinjiro.

Pa msinkhu uno pali zinthu zitatu zimene ndimaziyang'ana kuposa makilogalamu. Choyamba ndi magazi. Msambo wochuluka umatha ayironi m'thupi, ndipo kuchepa kwa ayironi kumabweretsa kutopa, kuiwalaiwala ndi mtima kugunda msanga, zomwe n'zosavuta kuzinamizira ADHD kapena kusiya kusamba. Chiwindi, nyama, nyemba, nandolo ndi bonongwe zimathandiza, makamaka mukadyera limodzi ndi tomato kapena malalanje. Tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, ndiye muzimwa patapita ola limodzi mutadya.

Mafupa nawo amayamba kufooka mofulumira estrogen ikatsika. Apa tili ndi mwayi, chifukwa usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe, ndipo calcium, mchere wolimbitsa mafupa, ali m'mingamo. Ngati mitu ndi maso a nsombazo zimakuvutani, ziwambeni ziume gwa, muzisinje, ufawo muzithira supuni imodzi m'ndiwo. Chambiko, yogati ndi mkaka zimachitanso chimodzimodzi. Chachitatu ndi minofu, yomwe imachepa ndi zaka. Imafuna zakudya zomanga thupi pa chakudya chilichonse, kaya dzira, nyemba, nyama ya soya kapena nsomba, komanso ntchito yolemetsa pang'ono monga kukwera masitepe, kunyamula ndowa kapena kukhala ndi kudzuka pa mpando kakhumi madzi a tiyi akuwira.

Tsopano za mimba ija. Estrogen ikachepa, mafuta amasamuka m'chiuno ndi m'ntchafu n'kupita pamimba, ngakhale kwa mayi amene sanasinthe kadyedwe. Sindikubisirani, mafuta a pamimba amayendera limodzi ndi chiopsezo cha shuga ndi matenda a mtima. Koma zimenezo zili ndi miyeso yakeyake, ndipo sikelo siyeza ngakhale chimodzi. Ngakhale BMI, muyeso woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, imene timaidalira kwambiri, inachokera ku masamu a Adolphe Quetelet wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1830, amene ankawerengera anthu a ku Ulaya monga gulu, osati kuyeza thanzi la mayi mmodzi. Anthu ambiri amene amachepetsa thupi podzimana chakudya amabwereranso pamene anali pakapita zaka zochepa. Kuyenda tsiku ndi tsiku, kudya mokhazikika ndi kugona bwino kumatsitsa BP ndi shuga ngakhale sikelo itaima pomwepo. Kwathu kuno n'kovutanso: mukaonda akuti mukudwala, mukanenepa akuti zikuyenda, kuchipatala akuti chepetsani. Simungawasangalatse onse.

Mukabwerera kuchipatala, lembani papepala zoti mukanene, poti mukalowa m'chipindamo zidzathawa m'mutu. Pemphani kuti akuyezeni BP, shuga, kuchuluka kwa magazi, ndipo ngati n'kotheka chithokomiro, chifukwa chikafooka chimanenepetsa ndi kutopetsa munthu mofanana ndi kusiya kusamba. Muli ndi ufulu wonena kuti, "Ndabwera chifukwa cha msambo wochuluka ndi kusagona, tiyambe ndi zimenezo." Funsaninso za mankhwala obwezera mahomoni, a HRT. Amachepetsa kutentha kwa thupi ndi thukuta la usiku komanso amateteza mafupa, koma sayenera aliyense, makamaka amene anadwalapo khansa ya m'mawere kapena magazi kuundana m'mitsempha.

Msambo wochulukawo usangotengedwa ngati ukalamba. Ngati mukusintha thewera ola lililonse, mukutaya magazi mukakhala malo amodzi ndi bambo, kapena mudzaona magazi patatha miyezi 12 mutasiya, pitani msanga. Khansa ya khomo la chiberekero ndi yofala kwambiri m'Malawi muno, ndipo kuyezetsa khomolo, komwe amati VIA, kumatenga mphindi zochepa. Mukaona kuti mwayamba kudzisanzitsa kapena kudzimana dala chakudya tsiku lonse, muuzeni dokotala wa za maganizo uja.

Masiketi aja apite kwa telala sabata ino akawakulitse. Lamba wothina pamimba amawonjezera kutentha, ndipo kwa munthu amene khungu lake limamva chilichonse, amasokoneza mutu tsiku lonse.